Ulendo wa Achimwene Pakati pa Matanthwe

Achimwene anga anakhala ku Joni zaka zambiri kuposa zimene anakhala kwathu ku Machinga, koma dziko linoli sanalione. Ankangodziwa msewu umodzi, wochoka ku Mabopane komwe ankagona kudzafika ku Pretoria West komwe ankagwira ntchito m'galaja ina yopopera penti magalimoto. M'mawa tekisi, madzulo tekisi. Lachisanu ankavala mkanjo ndi mzuli n'kupita kumzikiti, akatero ndiye kuti sabata yatha.

Ndiwo anandiitanira ine kuno. Nditafika anandipezera malo pakhonde la sitolo ina kufupi ndi galaja yawoyo, n'kundipezeranso makina osokera akale. Mpaka lero ndimasoka pakhonde lomwelo. Nthawi ya nkhomaliro ankabwera kudzakhala pabenchi langa, penti ili m'nsidze ndi m'zikhadabo, n'kumanyika buledi mu tiyi kwinaku akundiuza kuti mzere wanga wakhota. Sanagwirepo singano chibadwire, koma mzere wokhota ankauona ali patali.

Chifuwa chinayamba ngati masewera. Ankatsokomola n'kumati ndi chisanu cha kuno. Chisanu chinatha, chifuwa osatha. Kenaka ndinaona kuti akuima kawiri pakati pa galaja ndi khonde langa, kamtunda koti ungaitane munthu n'kukumva. Ndinawakakamiza tinapita kuchipatala. Dokotala anawajambula m'chifuwa, anatikhazika pansi tonse awiri, n'kutiuza mosabisa kuti mapapo auma ndipo mankhwala angochepetsako kubanika basi. Achimwene anafunsa funso limodzi lokha, ngati angathe kuyenda pabasi masiku awiri. Dokotala anati ngati akufuna kuyenda, ayende msanga.

Ife Asilamu sitisunga maliro. Munthu akamwalira m'mawa, pomwe dzuwa lizipendeka amakhala atalowa kale m'manda. Choncho achimwene ankadziwa kuti akatsirizikira kuno adzagona konkuno, pakati pa anthu osawadziwa, pomwe iwo ankafuna kukagona pafupi ndi amayi athu m'munsi mwa phiri la Chikala.

"Ndipite ndi miyendo yanga," anatero tikutuluka pachipata. "Akandilandire ndikupuma."

Chovuta chinali mwana. Kumudzi achimwene anasiya mkazi ndi ana awiri, omwe ankawathandiza koma kuwaona mwa apo ndi apo. Kuno anakhalanso ndi mayi wina wa ku Mabopane, amene anamwalira mwana wawo wamkazi ali kusekondale. Kuyambira pamenepo anatsala awiriwiri m'kanyumba kawo, bambo ndi mwana. Panthawi imene ndikunenayi mtsikanayo anali atakula, akugwira ntchito m'sitolo ina yogulitsa mankhwala m'tauni. Ankalankhula Chitswana cha amayi ake ndi Chingerezi. Chichewa sitinkamumva akulankhula, kupatula moni. Ine ankanditchula Rangwane, ndiye kuti bambo wamng'ono m'chilankhulo chawocho.

Achimwene anamuuza kuti akupita kumudzi kukapuma miyezi iwiri, akamweko mankhwala achikuda, kenaka adzabwera. Anandilumbiritsa kuti ndisamuuze zimene ananena dokotala. Ndinawauza kuti akumulakwira mwanayo.

"Iwe soka zovala," anandiyankha. "Za mwana wanga undisiyire."

Za ulendo anabwera nazo ndi mtsikanayo. Loweruka lina anatipeza pakhonde, foni ili m'manja, n'kutionetsa chithunzi: madzi obiriwira atapanikizika pakati pa mapiri awiri oimirira ngati makoma, kaboti kakang'ono kali pakati. Anati malowo ali ku Mpumalanga, m'chigwa cha mtsinje wa Blyde, ndipo alipo anthu amene amanyamula alendo ochepa paminibasi, kupita m'mawa n'kubwera tsiku lomwelo. Anali atatilembetsa kale atatufe.

"Papa, kumudzi akakakufunsani kuti munaonako chiyani ku Joni, mukati chiyani? Tekisi?"

Achimwene anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anakana masiku awiri. Tsiku lachitatu anabwera ndi jekete yawo ya pa Idi kuti ndiichepetse, chifukwa inali itawakulira. Nditawayeza m'mapewa ndinatembenukira kumakina msanga kuti asaone nkhope yanga.

Tinanyamuka kunja kukungoyera. M'minibasimo tinalimo asanu ndi atatu. Woyendetsa, amenenso anali wotitsogolera, anali mayi wa Chipedi, wamfupi, wa mawu aakulu osafuna chimkuzamawu. Panali azungu awiri okalamba, mwamuna ndi mkazi wake, ochokera ku Norway, atsikana awiri a ku Durban amene anagona pafupifupi njira yonse, ndi ife atatu. Sindibisa, ine ndinkachita manyazi. Anthu ngati ife timakwera galimoto popita kuntchito, kumaliro kapena kumudzi. Kukwera kuti ukangoona phiri n'kubwerako, ndinkamva ngati takhala pamipando ya eni ake ndipo wina abwera kudzatidzutsa. Koma mayi uja anawagwira dzanja achimwene powakweza, anawatchula Ntate, kutanthauza bambo, n'kuwapatsa mpando wa pawindo kumbuyo kwake.

Titadutsa mphambano ya ku Eersterust nyumba zinayamba kuchepa, ndipo achimwene anakanikiza chipumi pagalasi ngati mwana wa sukulu. Minda ya chimanga inayamba, yosaoneka pothera.

"Taona," anandigunda ndi chigongono. "Munda umodzi kukula ngati mudzi wathu ndi manda omwe. Amapalira ndani zonsezi?"

Ndinati ndi mathirakitala. Anapukusa mutu ngati ndawanamiza. Tinadutsa milu ya malasha ndi zinyumba zikuluzikulu zopangira magetsi, utsi ukukwera mowongoka chifukwa kunalibe mphepo. Kenaka msewu unakwera m'mapiri ozizira a mitengo ya paini, ndipo tonse awiri tinanena pamodzi kuti Zomba. Tinaima pakatauni kena kuti timwe tiyi. Achimwene analuma sikono kamodzi n'kundipatsa yotsalayo pansi pa tebulo. Mwana wawo anaona. Anangotulutsa mapiritsi m'chikwama, anawaika m'dzanja lawo, n'kudikira mpaka atameza.

Chakumasana msewu unayamba kutsetsereka mokhotakhota, phompho lili kumanzere, mpaka tinalowa mumphanga yoboola phiri. Potulukira pake panali amayi ogulitsa mbiya ndi zosemasema. Titafika kumunsi mpweya unasintha. Kunatentha, kutentha kwake konga kwa ku Liwonde mvula ikayandikira, ndipo m'mbali mwa msewu munali minda ya mango ndi malalanje. Achimwene anatsegula windo, n'kukoka mpweya mmene mapapo awo akanathera.

"Kodi kuno n'ku Joni komwe?" anafunsa. "Nanga ine ndinali kuti zaka zonsezi?"



Kuchokera poimika galimoto kukafika pokwerera boti panali kamtunda kotsetsereka. Ena onse anatsika mosavuta. Achimwene anayenda pang'ono n'kuima, atagwira mtengo, pakamwa pali yasa. Ndinafuna kuwagwira m'khwapa, anandikankha. Mzungu wokalamba uja anabwerera, anawapatsa ndodo yake yoyendera, yachitsulo chopepuka, n'kunena m'Chingerezi kuti iye lero miyendo ili bwino. Kwa mlendo sakanakana. Analandira, ndipo amuna awiriwo anatsika limodzi pang'onopang'ono, ife tikubwera m'mbuyo.

Botilo linali lafulati ngati khonde loyandama, la denga la chinsalu ndi mabenchi m'mbali. Anativeka majekete oyandamitsa. Ya achimwene anaimanga mpaka pomaliza penipeni pa lamba, komabe inkagwedera. Anakhala pakati, mwana wawo kumanja, ine kumanzere. Injini inalira, ndipo gombe linayamba kutalikira.

Ine ndinakulira pafupi ndi mapiri, koma zimene ndinaona tsiku limenelo sindinazionepo. Matanthwe ankachokera m'madzi mwenimwenimo n'kukwera chiriri, ofiira ngati njerwa yowotcha, mpaka mzuli unkafuna kugwa ukamayang'ana pothera pake. Mitengo inamera m'ming'alu moti sungamvetse kuti ikugwira chiyani. Madzi anali bata, obiriwira moderako, ndipo mapiri onsewo ankaoneka kachiwiri pansi pathu atazondoka. Boti likakhota, unkaganiza kuti kutsogolo kwatsekeka, kenaka matanthwe n'kupatukana, njira ina ya madzi n'kutseguka. Pamwala wina panali anyani, ana awo akusewera m'mphepete mwa phompho mopanda mantha. Wotitsogolera anatilozera ng'ona itagona pamchenga, ndi makutu a mvuu atatu akugwedezeka pamwamba pa madzi.

Mayi wa ku Norway uja anayamba kulankhula ndi mwana wa achimwene. Anati kwawo kulinso malo otere, kumene nyanja yaikulu imalowa kutali pakati pa mapiri, ndipo amawatchula fiyodi. Anati anabadwira m'mphepete mwa malo otero, ndipo bambo ake ankapita kutchalitchi paboti chifukwa msewu kunalibe. Achimwene ankamvetsera mwachidwi.

"Tamufunse, kwawoko mvuu ziliko?"

Mayiyo anati kulibe, madzi ake ndi amchere komanso ozizira kwambiri.

"Nanga ng'ona?"

Anati kulibenso.

"Ndiye umuuze kuti tawaposa," anatero achimwene, ndipo boti lonse linaseka. Ndinazindikira kuti anati tawaposa, ngati kuti malowo anali awo, munthu amene anangowaona tsiku lomwelo.

Patsogolo pang'ono wotitsogolera anatilozera nsonga zitatu za mapiri zoima pamodzi, zozungulira, zosongoka pamwamba ngati nyumba zofolera ndi udzu. Anati anthu a kumeneko amati ndi akazi atatu a mfumu ina yakale.

"Atatu!" achimwene ananena mokweza m'Chitswana. "Mwamuna ameneyo anali wolimba. Ine awiri okha anandikanika."

Ena anaseka. Mwana wawo sanaseke. Anayang'ana kumadzi, ndipo achimwene anazindikira kuti alankhula mopitirira. Anayamba kusisita mutu wa ndodo ija ndi chala.

Kumapeto kwa chigwacho kunali mathithi. Madzi ankatsika patanthwe lalitali lomera ndere, ndipo wotitsogolera anati tikaliyang'anitsitsa tiona ngati nkhope ya munthu. Woyendetsa boti anazimitsa injini kuti timve mkokomo wake, anthu n'kudzuka kupita kutsogolo kukajambula. Tinatsala atatu pabenchi. Pamenepo achimwene anayamba kulankhula m'Chichewa, maso ali kumathithi, mawu awo ali wamba ngati akunena za mvula.

"Usandiyang'ane. Yang'ana mwalawo, uzingomva. Mapepala a nyumba ali m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Ndinalembetsa m'dzina la mwanayu. Wina aliyense wa kumudzi akadzayamba zolankhula, udzaime ndiwe."

Ndinayang'ana mwalawo monga anandiuzira. Nkhope imene ankanenayo sindinaione.

"Akadzabwera mwamuna kudzamufunsira, bambo wake ndiwe. Usadzangovomera chifukwa ali ndi galimoto. Udzapite kwawo, ukaone mmene amalankhulira ndi amayi ake."

"Ndamva, achimwene."

"Uthenga ukadzafika, usadzamuimbire foni. Udzapite ndi miyendo yako. Ndipo usadzamuuze kuti ndinkadziwa. Udzati zinangochitika."

Anaima kuti apume. Mpweya unkalira m'chifuwa mwawo ngati chitseko chadzimbiri. Mtsikanayo anaweramira kutsogolo kuti andione.

"Rangwane, Papa akuti chiyani?" anafunsa m'Chingerezi.

Ndinati akunena kuti miyala iyi ikufanana ndi ya kwathu ku Chikala.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinagwetsa maso. Kenaka anatembenukira kwa bambo ake, n'kulankhula m'Chichewa, mawu amodziamodzi, lilime likulemera ngati la mwana wophunzira kumene.

"Abambo. Ine ndamva. Inu simubwera."

Chibadwire anali asanawatchulepo Abambo. Mtsikanayo anapitiriza m'Chitswana, mofulumira, misozi ikutsika koma mawu osanjenjemera. Anati wakhala pansi pa benchi langa kuyambira ali wamng'ono, akutola zigamba n'kumamva awirife tikucheza, ndiye tinkaganiza kuti makutu alibe? Anati mankhwala amene amawapatsa tsiku lililonse amawadziwa ntchito yake, amawagulitsa yekha kwa anthu ena, ndipo amadziwa kuti amene amamwa amenewo sachira. Anati anadziwa tsiku lomwe tinachokera kuchipatala, atangoona mapaketi. Wakhala akudikira kuti amuuze okha. Ulendowu anaukonza chifukwa ankadziwa.

Achimwene anavula mzuli n'kuufinya m'manja. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene tinalandira uthenga wa amayi. Analira mopanda phokoso, chifukwa mpweya wolirira analibe.

"Sindinkafuna ulire ine ndikuona," anatero.

"Ndiye mumafuna ndidzalire ndekha?"

Achimwene anamugwira kumbuyo kwa mutu, monga ankachitira ali wamng'ono, n'kumukokera pachifuwa pawo, majekete oyandamitsa aja akukhulana. Ine ndinalibe pogwira. Ndinatola ndodo imene inagwera pansi n'kuigwira ndi manja awiri.

Wotitsogolera anali pakati pofotokoza za mwalawo. Atacheuka n'kutiona anasiyira pomwepo. Analankhula motsitsa ndi woyendetsa boti, ndipo injini sinalire kwa nthawi ndithu. Anthu onse anatipatsa misana, n'kumayang'ana mathithi amene anali atawajambula kale. Ngakhale atsikana a ku Durban aja anatsitsa mafoni. Boti linkangotembenuka lokha pang'onopang'ono, tanthwe likuchoka, lina likubwera. Sindidziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji.

Pobwerera bambo ndi mwana anayamba kulankhula, ndipo ulendo uno sanabisenso kanthu. Mtsikanayo anati akufuna apite nawo kumudzi. Achimwene anamukumbutsa kuti pasipoti alibe. Anati akafunsira Lolemba lomwelo. Kenaka anawafunsa ngati mayi wa kumudziyo amadziwa za iye. Achimwene anati amadziwa kuyambira kalekale, ndipo chithunzi chake cha kusukulu chili kumeneko.

"Amandida?"

"Amadana ndi ine," anatero achimwene. "Iwe unalakwa chiyani?"

Titatsika m'boti nthawi ya swala, pemphero lathu, inali itakwana. Achimwene anafuna kutunga madzi mumtsinjemo kuti atawaze, adziyeretse asanapemphere, koma wotitsogolera anawaletsa chifukwa cha ng'ona. Tinakhala pansi pa mtengo. Mwana wawo anatsegula botolo la madzi akumwa n'kumawathirira pang'onopang'ono, m'manja, kumaso, m'mikono, kenaka anagwada n'kuwavula nsapato kuti awathirire kumapazi. Iye anakula akupita kutchalitchi cha amayi ake, koma dongosolo lonse ankalidziwa. Achimwene anaswali chokhala, popeza kuwerama kunkawabanikitsa. Ine ndinaima pambali pawo. Mawu ankatuluka pakamwa panga koma mtima unali kwina, ndipo Mulungu andikhululukire, swala ya tsiku limenelo sindinaimve.

Kukwera kamtunda kaja sakanatha. Anayesa, anayenda mapazi owerengeka, n'kukhala pamwala. Ndinagwada patsogolo pawo n'kuwapatsa msana. Ndinkayembekeza kuti andikankhanso, koma anangoponya manja m'khosi mwanga. Munthu amene ankakankha galimoto yekha kuilowetsa m'galaja analemera ngati thumba la zigamba. Mpweya wawo unkatentha kukhutu kwanga.

"Usandigwetse pamaso pa azungu," ananong'ona.

Ndinaseka, misozi ili m'maso, n'kupunthwa pang'ono, iwo n'kundimenya paphewa. Titafika pamwamba anafuna kubweza ndodo ija. Mwini wake anakana, anaika dzanja pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Achimwene anavula mzuli wawo n'kumupatsa. Mkuluyo anauvala pomwepo, unali waung'ono, unangokhala pamwamba pa imvi zake, ndipo sanauvule njira yonse.

Za pobwerera sindikumbuka zambiri. Tinadya nkhomaliro mochedwa pamalo ena okwera, pomwe chigwa chonsecho chimaonekera pansi, madzi tinayendamo aja akuoneka ngati kansalu kotayidwa. Achimwene sanatsike m'galimoto, anati aona zokwanira. Anagona mutu uli paphewa la mwana wawo, ndipo iye sanasunthe mpaka dzanja linachita dzanzi. Wotitsogolera sanafotokozenso kanthu za minda kapena mapiri. Anangoyendetsa.

Masiku otsatirawo anali abwino kuposa miyezi yonse ya m'mbuyo, ngakhale ndizovuta kunena choncho. Mtsikanayo anapempha tchuthi kuntchito. Analongedza limodzi, akukangana za malaya oti atenge ndi oti asiye. Achimwene anamuuza nkhani zimene ngakhale ine sindinkazidziwa: mmene anafikira kuno atabisala kumbuyo kwa lole, mmene anakumanirana ndi amayi ake pamzere wa tekisi mvula ikugwa, dzina la agogo ake aakazi ndi tanthauzo lake. Iye ankalemba m'kope. Anzawo a kugalaja ndi a kumzikiti ankabwera kudzatsazika, ndipo aliyense ankaonetsedwa zithunzi za boti, kufuna asafune.

Pasipoti inachedwa kutuluka, ndipo miyendo ya achimwene inayamba kutupa. Mtsikanayo ndiye ananena yekha kuti asadikirenso. Tinawaperekeza ku Johannesburg komwe mabasi a kumudzi amanyamukira. Ndinapeza mnzathu wina wa ku Ntaja amene ankapita pabasi yomweyo, n'kumupempha kuti aziwayang'anira. Pamalo pamenepo pamakhala phokoso, anthu akukweza mafiriji, njinga ndi matumba, ena akukuwa mayina a midzi. Bambo ndi mwana anaima pakati pa zonsezo atagwirana manja. Kondakitala ataitana komaliza, achimwene anandiyang'ana.

"Mphwanga, ndakusiyira ntchito."

"Pitani bwino, achimwene. Mukapereke moni."

Anakwera okha masitepe, kamodzikamodzi, osalola kugwiridwa. Basi itatuluka pachipata mtsikanayo anakhala pansi pomwepo, pasimenti yakuda ndi mafuta, zovala zake zabwinozo. Ndinakhala naye.

Anafika kumudzi ali moyo. Alamu anga, mkazi wawo wa kumudzi uja, anawalandira n'kuwasamalira, ngakhale anali ndi zifukwa zokwanira zowakanira. Ankaimba foni masiku ambiri, mawu akucheperachepera. Ankandiuza kuti akhala pakhonde, akuyang'ana phiri, ndipo ana a m'mudzi sakukhulupirira kuti ku Joni kuli mvuu. Anadya mango oyamba a chaka chimenecho. Kenaka Lachiwiri lina masana, ndili pakati posoka zipi ya thalauza, foni inalira. Anali alamu. Anati achimwene atisiya m'mawa womwewo, ndipo amuna anyamuka kale kupita nawo kumanda.

Ndinamaliza zipiyo, sindidziwa chifukwa chake. Ndinaphimba makina, n'kuyenda wapansi mpaka m'tauni. Nditafika pakhomo la sitolo ya mankhwala ija, mtsikanayo anali akuthandiza mayi wina. Anadzutsa maso n'kundiona nditaima, ulusi uli pamalaya. Anamaliza kumufotokozera mayiyo kamwedwe ka mankhwala ake, anavula chovala chake choyera cha ntchito, anachipinda bwinobwino, n'kutuluka. Tinayenda mumsewu wa mitengo ya jakaranda mpaka kokwerera tekisi za ku Mabopane, ndipo anayamba kulira titakhala kale m'tekisi. Mayi wina wosamudziwa anamufungatira njira yonse.

Pasipoti inatuluka patapita milungu ingapo. Iye anapitabe, yekha, pa tchuthi chake chotsatira. Ine ndinkaopa mmene akamulandirire. Koma anandiuza kuti alamu anakamuchingamira okha pa siteji ku Liwonde, anamulanda chikwama n'kuchisenza pamutu, ndipo njira yonse ankauza aliyense wokumana naye kuti uyu ndi mwana wanga wa ku Joni. Kwathu akazi salowa kumanda, choncho anakaima m'mphepete, mchimwene wake wamkulu n'kumulozera mtumbira. Anakhalako milungu iwiri. Anaphunzira kupeta mpunga, ndipo anadwala malungo pang'ono.

Atabwera anafika pakhonde langa atabiriwira ndi dzuwa, atanyamula kathumba ka mpunga ndi nandolo kochokera kwa alamu. Anakhala pabenchi n'kundiuza zonse, theka m'Chichewa, theka m'Chitswana. Pomaliza anati alamu akufunsa kuti ine ndibwera liti kudzaona pamene anagona achimwene anga, ndipo akuti denga la nyumba ya amayi likudontha.

Ndinamuuza kuti awauze kuti ndibwera ndikangomaliza zovala za ukwati wina zimene ndinali nditalandira. Zovalazo ndinamaliza, ukwatiwo unachitika, ndipo ndamva kuti eni ake ali ndi mwana woyenda. Ine sindinapitebe.